Telala wa kuseri kwa msika: mmene ndimapezera makasitomala pa foni

Shopu yanga ili kuseri kwa msika wa Nsungwi ku Area 25, mumzinda wa Lilongwe, ndipo munthu wodutsa mu msewu waukulu sangaione. Ndi kachipinda kamodzi: makina awiri opalasa ndi phazi, ovaloko imodzi (makina osokera m'mphepete mwa nsalu kuti isasomphoke ulusi), tebulo yodulirapo, ndi simbi ya makala imene imandipulumutsa magetsi akathima. Kwa zaka zambiri ntchito inkabwera m'njira imodzi basi. Mayi wavala diresi imene ndamusokera, mnzake kutchalitchi amufunsa kuti, "Wakusokerani ndani?" ndiye patapita mwezi umodzi kapena iwiri mnzakeyo atulukira ndi chitenje m'jumbo. Njira imeneyi ndimailemekeza mpaka lero, koma mwini nyumba sadikira miyezi iwiri kuti alandire lendi.

Mu 2020, Covid-19 itafika, maukwati ndi zinkhoswe zinachepa kwambiri, ine ntchito nkundithera. Ndinayamba kusoka mamasiki ndi tizidutswa ta zitenje totsala pansi pa tebulo. Mwana wa achemwali anga, amene ankangokhala pakhomo popeza sukulu zinali zitatsekedwa, anandipeza nditawaunjika pa benchi.

"Amayi aang'ono, akudziwa ndani kuti mukusoka zimenezi?"

"Amene alowe muno aona."

"Nanga chikachereni walowa ndani?"

Ndinasowa choyankha. Anatenga foni yanga, napukuta kamera ndi nsonga ya malaya ake, nayala mamasiki asanu pa nsalu yoyera pakhomo pomwe pamafika dzuwa, najambula. Anaika pa Status ya WhatsApp, mtengo ndi komwe ndimapezeka zili pansi pake. Dzuwa lisanalowe mayi wina wa kumpingo kwathu, amene nambala yake inali m'foni mwanga kwa zaka koma sitinkalemberana, anaitanitsa a banja lake lonse.

Zimene ndilembe apa ndaziphunzira kuchokera tsiku limenelo, zina pouzidwa, zambiri polakwitsa. Ndikamba za utelala chifukwa ndiwo ndimaudziwa, koma wophika makeke, wogulitsa mpunga wa Kilombero kapena woluka tsitsi atolamo zake.

Nambala ya ntchito ikhale payokha

Gulani simu kadi ina, muilembetse m'dzina lanu ndi chiphaso cha unzika, ndipo ikhale ya bizinesi yokhayokha. Pa nambala imeneyo ikani WhatsApp Business. Ndi yaulere, ndipo ili ndi malo olembapo dzina la bizinesi, nthawi yotsegula ndi yotseka, komanso komwe muli. Komwe muliko lembani monga mmene mungamulondolere munthu pakamwa: tsikirani pa siteji yakuti, khoterani pa chigayo, chitseko chobiriwira. Muli Catalog, momwe mumaikamo zithunzi za katundu, chilichonse ndi mtengo wake. Mulinso uthenga umene umapita wokha munthu akalemba inu mutaweruka. Wanga umati, "Zikomo polemba. Panopa ndaweruka, ndikuyankhani mawa 8 koloko isanakwane." Ndipo m'mawa, ndisanakoleze makala a simbi, ndimayankhadi.

Pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Status yanu amaiona okhawo amene anasunga nambala yanu inunso mutasunga yawo. Mukhoza kuika zithunzi zokongola mwezi wathunthu, oona nkukhala abale anu okhaokha. N'chifukwa chake aliyense wolowa m'shopu mwanga, ngakhale wodzangoikitsa zipi pa thalauza, ndimamupempha kuti, "Bambo, sungani nambala yangayi, inenso ndisunge yanu, muziona zimene ndikusoka." Ambiri savuta. Posunga ndimalemba dzina, dera ndi chimene anasoketsa, kuti tsiku lina akadzalemba ndisadzafunse kuti ndinu ndani. Nambalayo ndinailembanso pa chitseko ndi pa kapepala kamene ndimamata pa jumbo iliyonse yotuluka muno.

Chithunzi

Apa ndichedwapo, chifukwa apa ndi pamene ambiri timagwera.

Chovala chisiteni kaye. Diresi yamakwinya imaoneka yosokedwa mokhota ngakhale msoko uli wowongoka ngati chingwe. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, pakhonde kapena pafupi ndi khomo, kuwala kukuchokera kumbuyo kwanu. Dzuwa la masana limawalitsa nsalu mpaka mtundu kusintha, babu la usiku nalo limasandutsa chofiira kukhala ngati chalalanje, ndiye kasitomala adzati, "Si mtundu umene ndinaona uja." Kumbuyo kwa chovala kukhale khoma lopanda kanthu kapena nsalu ya mtundu umodzi. Ndowa, nsapato ndi mbale ya nsima zisaonekemo. Pukutani kamera nthawi zonse. Foni zathu zimakhala m'thumba limodzi ndi choko ndi ulusi.

Ine pa chovala chimodzi ndimajambula katatu: kutsogolo, kumbuyo, ndi m'kati. Chachitatuchi ndicho chimandibweretsera anthu odziwa nsalu. Ndimatembenuza diresi, nkuyandikitsa foni pa mpendero kuti aone mmene ovaloko yadutsira, mmene zipi yabisalira, mmene lainini yagonera osatukuka. Mayi amene anang'ambikiridwapo diresi m'khwapa ali pa perekaniperekani amayang'ana pamenepo asanayang'ane sitayelo.

Musaike chithunzi cha ntchito ya munthu wina nkumati ndi yanu. Pa intaneti padzaza madiresi okongola a ku Nigeria ndi Ghana, ndipo chiyeso chongotenga nkuika n'chachikulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kasitomala adzabwera akuyembekeza chimene anaona, pomwe nsalu yake ndi ina, makina ndi ena, ndipo akakhumudwa adzauza anthu ambiri kuposa amene akanawauza akanakondwa. Mukafuna kuonetsa sitayelo imene simunaisokepo, nenani poyera kuti, "Iyi si yanga, koma ndikhoza kuyesa." Zithunzi zanu nazo lembanipo dzina la shopu ndi nambala, pakati ndithu osati m'mphepete, chifukwa ena adzazitenga.

Anthu amakondanso kuona manja akugwira ntchito. Kavidiyo kakafupi ka sizasi ikudya chitenje motsata choko, kapena phazi likupalasa makina, kamaonedwa ndi ambiri kuposa diresi yopachika pa hang'ala. Munthu akamakuonani mukudula, mukusoka, mukusita tsiku ndi tsiku, amayamba kukudziwani asanakuoneni, ndipo sachita mantha kukutumizirani ndalama ya dipoziti. Kwa ine chinsinsi chonse chagona pamenepa.

Koma pemphani chilolezo musanaike chovala cha munthu. Ndinaphunzira mowawa. Ndinasokera mtsikana wina chovala cha pa chinkhoswe chake, chinatuluka bwino moti mtima unandisefukira, nkuchiika pa Status kutatsala masiku anayi kuti mwambo uchitike. Azilamu ake anali ndi nambala yanga. Mtsikanayo anandiimbira akulira: "Amayi, mwandivula. Aliyense wachiona kale." Ndinafufuta, ndinapepesa, ndinamuchotserako mtengo, koma chimene ndinamulanda sichikanabwezeka. Kuyambira pamenepo chovala cha ukwati, cha chinkhoswe kapena yunifolomu ya mwambo uliwonse sichituluka pa foni yanga mpaka tsikulo litadutsa. Ndipo ndimafunsa mafunso awiri: ndiike kodi, nanga nkhope ioneke? Ambiri amati ikani koma mudule mutu. Zithunzi za ana sindiika popanda mawu a makolo awo.

Lembani mtengo

Ndikudziwa kuti anzanga ambiri satsutsika pa nkhani iyi. Amaika katundu, munthu akafunsa kuti ndi zingati, amayankha kuti, "Bwerani ku inbox." Amaopa kuti opikisana nawo aona mtengo nkutsitsa wawo. Koma telala mnzanu mtengo wanu amaudziwa kale. Wosaudziwa ndi kasitomala yekha. Ndipo anthu ambiri ali ndi manyazi ofunsa, poopa kuti akauzidwa ndalama imene alibe asowa pothawira. Amangodutsa. Ena amaganiza kuti mukufuna muone kaye chithunzi chawo kuti mudziwe mowatchajira.

Ine ndimalemba zonse pansi pa chithunzi: kusoka kokha ndi mwakuti ngati nsalu mwabwera nayo, pamodzi ndi nsalu ndi mwakuti, zimatenga masiku akuti. Ngati mtengo umasintha malinga ndi sitayelo, ndimalemba kuti "kuyambira pa". Mauthenga amene ndimalandira anachepa, koma amene amalemba amakhala ataganiza kale.

Muziikaponso mwezi ndi chaka pa mtengowo. Mu November 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ulusi, mazipi, lainini ndi zitenje zochokera kunja zinakwera nthawi imodzi. Anthu ankandibweretsera zithunzi zanga zakale za pa Facebook nkumati, "Koma munalemba nokha." Sankalakwa. Panopa mitengo ikasintha ndimayamba ndi kukonza Catalog ndisanasoke kanthu.

Kangati, ndipo kuti

Status imatha pakadutsa maola 24, choncho imafuna kudyetsedwa tsiku lililonse, koma pang'ono. Zithunzi zitatu kapena zinayi zakwana. Mukaika makumi awiri, timizere ta pamwamba tija timasanduka timadontho, munthu amangodumpha, ndipo ena amakutsekani pakamwa osakuuzani. Kumbukiraninso kuti woonayo akudya bandulo yake. Ine ndimaika m'mawa anthu ali m'minibasi kupita kuntchito, ndi madzulo akatha kudya. WhatsApp imaonetsa amene aona, ndiye yesani nthawi zosiyanasiyana kwa sabata ziwiri, muona nokha nthawi imene anthu anu amagwira foni.

Musalowetse anthu m'gulu la WhatsApp musanawafunse. Palibe chotopetsa ngati kudzuka nkupeza uli m'gulu la malonda ndi anthu osawadziwa, nambala yako ili poyera. Pali Broadcast, imene imatumiza uthenga umodzi kwa anthu ofika 256, aliyense nkuulandira payekha, bola akhale kuti anasunga nambala yanu. Ine ndimaigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, pakakhala nkhani yeniyeni. M'magulu a mpingo, a maliro kapena a makolo a kusukulu, funsani kaye oyang'anira gulu. Kuika malonda pansi pa uthenga wa maliro kumachotsa ulemu umene simungaugulenso.

WhatsApp imasunga anthu amene akukudziwani kale. Alendo amachokera ku Facebook. Tsegulani tsamba la bizinesi, losiyana ndi lanu la masiku onse momwe mumakambamo za mpira ndi ndale, mulilumikize ndi nambala ya WhatsApp ija kuti wofuna kulemba angodina. Dzina la tsambalo likhale ndi ntchito yanu ndi dera lanu, popeza munthu wofufuza amalemba mawu ngati "telala Area 25", salemba dzina la mwana wanu woyamba. Lowani m'magulu ogulitsana malonda a mumzinda mwanu, muwerenge malamulo awo, muziika kamodzi pa masiku angapo. Ndemanga iliyonse iyankheni, ngakhale yonyoza. Wodandaula muyankheni mofatsa pagulu pomwepo kamodzi, kenako mumuimbire. Anthu amene akuwerenga mwakachetechete amayeza mmene mwayankhira.

Zolipira Facebook kuti ionetse malonda anu kwa anthu ambiri zilipo, zimafuna khadi yolipirira pa intaneti ngati ya Visa kapena Mastercard. Ndinayesapo kamodzi osasankha dera, nkupeza ondiyamikira ali kutali komwe sindingatumize ngakhale mpango. Mukafuna kuyesa, sankhani mzinda wanu wokha, ndipo yambani ndi ndalama imene ikatayika simugona ndi njala. TikTok ndinamusiyira mwana wa achemwali uja. Amajambula ndikusoka, ndipo atsikana a m'makoleji ofuna madiresi a pa mwambo wolandira madigiri amachokera kumeneko.

Blog: nkhokwe ya mayankho

Ndinatsegula blog, tsamba la pa intaneti lolembapo nkhani zanga, chifukwa chotopa. Tsiku lililonse mafunso anali omwewo: ndigule mamita angati, ndidziyeze bwanji, chitenje ndichape bwanji kuti chisasuluke. Status imafa mawa lake, za pa Facebook zimakwiririka pansi pa zatsopano, koma nkhani ya pa blog imakhala pomwepo ndi linki yake. Blogger ndi WordPress zonse zili ndi njira yaulere, ndipo mukhoza kulemba pa foni pomwepo.

Nkhani imene yandigwirira ntchito kuposa zonse ndi ya kadziyezedwe. Ndinajambula tepi ili pa munthu malo aliwonse: mapewa, pachifuwa, m'chiuno, m'mahipi, mkono, ndi kutalika kuchokera paphewa kufika pomwe akufuna diresi ilekezere. Ndinalemba kuti ayezedwe ndi munthu wina, ataima chilili, atavala chopepuka, asakoke mimba, tepi isathine, ndipo anene ngati manambalawo ndi mainchesi kapena masentimita, chifukwa tepi ili ndi mbali ziwiri. Nkhani imeneyi ndiyo inanditsegulira khomo kwa abale athu okhala ku Johannesburg, Cape Town ndi ku UK, amene amabwera kumudzi kudzachita ukwati ali ndi sabata imodzi yokha. Amadziyeza komweko, dipoziti amatumiza pa Mukuru kapena kudzera kwa m'bale wawo kuno, akamatsika pa bwalo la ndege la Kamuzu chovala chimakhala chikudikira kungoyesa ndi kubweza pang'ono.

Ina ndi ya mamita: chitenje chimodzi cha mamita awiri chimakwana siketi kapena bulauzi, diresi yaitali yotambalala imafuna kuposa pamenepo, ndipo nsalu ya maluwa akuluakulu imadya yambiri chifukwa maluwawo ayenera kukumana pa msoko. Ina ndi ya kachapidwe: madzi ozizira, kuchapa pachokha ulendo woyamba, kuyanika pamthunzi chotembenuza.

Ndinene zoona, blog siidzakubweretserani anthu sabata yoyamba, ndipo ngati kulemba kumakuvutani musadzikakamize. Dziwaninso kuti makasitomala ambiri kuno amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha, imene siitsegula masamba ena. Mukawatumizira linki amati, "Sikutseguka." Choncho nkhani iliyonse ya pa blog ndimaidulanso m'zithunzi zokhala ndi mawu, nkuzisunga m'foni kuti ndizitumiza pa WhatsApp. Lembani m'chilankhulo chimene makasitomala anu amakulankhulirani. Anga amalemba Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi apo ndi apo, inenso ndimawayankha chomwecho.

Tsogolani nyengo

Ntchito yathu imayenda ndi kalendala. Sukulu zimatsegulira chaka mu September, ndiye mayunifolomu ndimayamba kuonetsa mu August. Tsiku la anakubala ndi pa 15 October, ndipo anthu ambiri amakumbukira kutatsala masiku awiri. Ine ndimayamba kuwakumbutsa September ali pakati, ndikunena tsiku lomaliza kulandira maoda. Miyezi ya chilimwe ndi ya maukwati ndi zinkhoswe, December ndi wa Khirisimasi, ndipo amayi a Mvano ndi a mabungwe ena a m'mipingo amakhala ndi misonkhano yawo imene mtsogoleri mmodzi akakukhulupirirani amabwera ndi gulu lonse. January ndi February ndi miyezi yowuma, ndalama zapita ku fizi ndi feteleza. Imeneyo ndiyo miyezi yoonetsa zokonza: kubweza, kuika zipi, kusintha diresi yakale kukhala siketi.

Walira mvula walira matope. Malonda akayenda pa foni, maoda amabwera ambiri kuposa manja anu. Mbiri yoti atelala ndi abodza inabadwira pamenepa, pa "bwerani mawa" wosatha. Ndikadzaza ndimalemba pa Status kuti, "Maoda a mwezi uno atsekedwa, ndiyambanso kulandira pa 1." Poyamba ndinkaopa kuti anthu athawa. Ambiri amadikira.

Ndalama ndi akuba

Sindidula nsalu ndisanalandire theka la mtengo, ndipo izi zinalembedwa poyera pa tsamba langa kuti wina asaone ngati ndikumukayikira iye yekha. Ndimalandira pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ndipo za ndalama yopatulira timagwirizana poyamba.

Chithunzi cha uthenga wa ndalama si ndalama. Tsiku lina bambo wina anaitanitsa malaya atatu, natumiza wakabaza kudzatenga, nanditumizira uthenga wooneka ndendende ngati wa kampani ya foni. Wakabaza ali pakhomo, injini ikulira, bamboyo akuimba kuti akuchedwa ulendo. Ndinatsala pang'ono kupereka. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti uthengawo wachokera pa nambala wamba. Ndinaimba *211# ya Airtel Money kuona ndalama zotsala: sizinasinthe. Pa Mpamba ndi *444#. Chitani zimenezi nthawi iliyonse, ngakhale munthu akufulumizitseni chotani. Kufulumizitsako ndiye chida chawo. Chimodzimodzi amene amaimba kuti atumiza ndalama molakwitsa muwabwezere: auzeni aimbire kampani ya foni.

Nambala yanu ikakhala poyera, ena adzafuna kulanda WhatsApp yanu kuti azipempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu. Amaimba kuti akulowetsani m'gulu linalake, muwawerengere manambala 6 amene abwera pa foni yanu. Musapereke kwa wina aliyense. Lowani mu Settings, pa Account, mutsegule Two-step verification, muike PIN yanu. Sizitenga mphindi zitatu.

Wina akakuthawani ndi ngongole, mtima umafuna kumuika pa Facebook kuti dziko limudziwe. Dziletseni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti, ndipo mukhoza kupezeka kuti wolakwiridwa ndinu koma woitanidwa kupolisi ndinunso. Makasitomala ena nawo akaona zotere amayamba kuopa kuti tsiku lina adzakhala iwowo. Sungani mauthenga onse amene munalemberana, ndiwo umboni wanu.

Potumiza katundu, mumzinda muno ndili ndi wakabaza mmodzi amene ndimamudziwa mpaka kwawo. Za ku Blantyre, Mzuzu kapena Zomba ndimatumiza pa makampani onyamula maphukusi, ndipo lisiti ndimalijambula nkutumizira mwini katundu nthawi yomweyo. Pakapita masiku awiri ndimalemba kuti, "Mayi, chakukwanani?" Akayankha mokondwa ndimapempha ngati ndingaike mawu awowo pa Status, dzina ndi nambala nditabisa.

Pa tebulo yodulira pali kope la sukulu momwe ndimalemba miyezo. Kumapeto kwa tsamba lililonse ndinawonjezera mzere umodzi: anandidziwira kuti. Ndimafunsa tepi ili m'khosi, ndikuyeza mapewa. Wina amati pa Status, wina pa Facebook, wina anauzidwa ndi mnzake amene anamutumizira chithunzi. Mwezi ukatha ndimawerenga mizere imeneyi, ndipo ndi imene imandiuza koika bandulo yanga mwezi wotsatira. Inandionetsa kuti gulu lina la pa Facebook limene ndinkalimbikira kuikamo silinandibweretserepo munthu ndi mmodzi yemwe, ndiye ndinatulukamo. Inandionetsanso kuti amene amabwera ndi maoda akuluakulu, a gulu lonse la operekeza akwati, pafupifupi onse amatchula chithunzi cha m'kati mwa diresi chija. Panopa ndicho ndimayamba kuika, zakutsogolo ndi zakumbuyo zimabwera pambuyo pake.